Kuphunzitsa Ana Nyengo za Pachaka Pakhomo: Kabuku ka Makolo Achimalawi Okhala mu Dar es Salaam

Tsiku lina mu Okutobala mdzukulu wanga wa zaka zinayi adabwera kuchokera ku chekechea, sukulu ya mkombaphala, atagwira pepala. Papepalapo padali tsamba la nsonga zonga zala, gologolo atakumbatira kachipatso, ndi dzungu la maso ndi mano. Aphunzitsi adamuuza kuti apake mitundu ndipo aloweze mawu akuti autumn. Ndidamufunsa kuti, "Iwe, mtengo wa tsamba limeneli uli kuti?" Adandiyang'ana ngati ndafunsa zopanda mutu, n'kuyankha kuti, "Uli m'buku, agogo." Tsiku limenelo thukuta lidali kamukamu, mango akukula m'mitengo. Komanso kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mkungu umene masabata angapo m'mbuyomo unkayoyola masamba ofiira psuu, mayi a mwanayo n'kumasesa ndi kutentha m'mawa uliwonse.

Aphunzitsiwo sindikuwanyoza. Mabuku ambiri a m'machekechea ophunzitsa m'Chingerezi adalembedwera ana a maiko ozizira, ndipo mphunzitsi amagwiritsa ntchito zimene wapatsidwa. Kabuku kano ndakalembera inu amayi, abambo, azakhali ndi agogo amene mukulera ana a zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi kuno ku Dar es Salaam, kaya mumagwira ntchito m'nyumba za ku Masaki ndi ku Mikocheni, kaya mumayendetsa malole a katundu wa ku Malawi Cargo, kaya mumapikula zinthu ku Kariakoo. Mwana aphunzire kaye nyengo zimene akuziona ndi maso ake ndi kuzimva pakhungu pake. Zambiri zimene zili muno sizifuna ndalama, ndipo zimatheka ngakhale m'chipinda chimodzi cha lendi.

Nyengo ya m'buku ija

Ku Ulaya, ku Canada ndi kumpoto kwa America, kuyambira Seputembala mpaka Novembala usana umafupika kwambiri ndipo kumayamba kuzizira. Mitengo yambiri imaleka kupanga chakudya m'masamba, imabweza zofunika m'nthambi ndi m'thunthu, ndipo kubiriwira kwa tsamba kumatha. Mitundu yachikasu ndi yofiira imaonekera, kenako tsamba limathothoka. Ndi nthawi yawonso yokolola, n'chifukwa chake maungu amadzaza m'mabuku. Dzungu la mano lija ndi la mwambo wa Halloween wa pa 31 Okutobala.

Kuno zinthu sizitero. Dar es Salaam ili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, moti tsiku lalitali kwambiri pachaka ndi lalifupi kwambiri sasiyana ndi ola lathunthu. Chimene chimalamula mitengo yathu ndi madzi. Mvula ikasowa, mitengo ina imataya masamba kuti isunge madzi. Mwana akamvetsa zimenezi pa mtengo wa pakhomo, ya ku Canada adzaimvetsa m'mphindi zochepa akadzakula.

Nyengo zinayi za kuno, ndi mawu amene amatisokoneza

Anthu a kuno amagawa chaka chonchi. Kiangazi ndi nyengo yotentha, kuyambira cha kumapeto kwa Disembala mpaka Febuluwale, mphepo ya kaskazi ikuomba kuchokera kumpoto chakummawa. Masika ndi mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi, ndipo Epulo ndiye mwezi wamvula koposa yonse. Kipupwe ndi kanyengo kozizirirako ka Juni mpaka Ogasiti, ka mphepo ya kusi yochokera kummwera chakummawa. Vuli ndi mvula yaifupi ya Okutobala mpaka Disembala, imene zaka zina imagwa yambiri, zaka zina imangowaza fumbi.

Mwaona pamene pali msampha. Kwathu masika ndi nthawi imene mvula ikutsazika, ya mondokwa, maungu, mtedza wauwisi, misinde ndi mbatata, mpaka kukolola. Kuno masika ndi mvula yeniyeniyo, imene ife timati dzinja. Miyezi yake ikufanana, mawu ndi amodzi, koma agogo a ku Dedza akamati "kuno ndi masika" pafoni, mdzukulu wa ku Temeke amaganiza kuti agogo akunyowa. Musamukonze mwachangu mwanayo. Mufotokozereni kuti mawu amodziwo ali ndi ntchito ziwiri, ndipo apemphe agogo amutumizire chithunzi cha nkhokwe kapena mulu wa maungu pa WhatsApp, iye atumize cha madzi oyenda mumsewu. Phunziro limenelo silipezeka m'buku lililonse. Kusi ndi mbale wake wa mwera umene umavutitsa asodzi pa nyanja ya Malawi miyezi yomweyo, ndipo kaskazi ndi mbale wake wa mpoto. Mudzaonanso kuti omasulira ena amaika mawu akuti vuli pamene pali autumn, pomwe vuli kuno ndi nthawi imene udzu ukuphuka.

Pangani kalendala ya pakhomo. Dulani katoni kuti ikhale yozungulira ngati lichero, muigawe panayi ndi khala, ndipo gawo lililonse mwana amatepo chinthu cha nyengoyo chikapezeka: tsamba, njere, duwa louma, kapena ajambule madontho a mvula. Guluu wake ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu, lozizira. Katoniyo idzadzaza pakatha chaka, choncho musaifulumizitse. Ikolekeni pamwamba, poti mphemvu ndi makoswe amalikonda phalalo.

Mkungu, mphunzitsi wa ulere

Ngati mukufuna masamba ofiira othothoka ngati a m'buku, mkungu ndiye mtengo wake. Uli ponseponse mumzinda muno, m'mabwalo a sukulu, m'mbali mwa misewu ndi kugombe. Nthambi zake zimayala mosanjikizana ngati maambulera, masamba ake ndi aakulu kuposa chikhatho cha bambo, ndipo kawirikawiri umawataya kawiri pachaka m'miyezi youma, atasanduka achikasu, ofiira ndi akhofi. Pasanapite nthawi umaphuka atsopano. Sankhani mkungu umodzi wapafupi, mwana autche dzina, ndipo muziuyendera Lamlungu lililonse pochokera ku tchalitchi kapena tsiku limene mumapuma.

Pitani ndi kadengu. Mwana atole masamba okwana khumi, osathyola a mumtengo, ndipo mukafika pakhomo muwayale pamphasa. Mawu oyamba akhale akuti, "Ika ofanana pamodzi." Musamuuze kuti afanane motani. Wina adzasanja potsata mtundu, wina potsata kukula, wina adzapatula obooka ndi mbozi. Zonsezo n'zolondola, ndipo funso lotsatira n'lakuti, "Awa wawaika pamodzi chifukwa chiyani?" Ife akuluakulu timalephera pamenepa, timathamangira kuyankha tokha. Dikirani, ngakhale achite chibwibwi. Kusanja zinthu ndi kufotokoza chifukwa chake ndiko chiyambi cha masamu, ndipo kumaposa kuloweza manambala mpaka 100 osadziwa kuti zisanu n'zochuluka bwanji.

Tsiku lina asanje masambawo pamzere kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Tsiku lina muyambe inu mzere wa lofiira, lobiriwira, lofiira, lobiriwira, n'kumufunsa kuti pabwere lotani. Akazolowera musinthe: awiri ofiira, limodzi lobiriwira. Wa zaka zitatu awerenge mpaka zitatu kapena zisanu akukhudza tsamba lililonse ndi chala. Wa zaka zisanu mumubisire awiri kumbuyo, anene kuti atsala angati.

Tembenuzani tsamba kuti mitsempha yake ikhale pamwamba, muikepo pepala, mwana akhute ndi khala kapena pensulo yogoneka. Chithunzi cha tsamba chimatulukira chokha, ndipo ana amakuwa ngati aona matsenga. Musonyezeni mitsempha ya kuseri kwa dzanja lanu, mumuuze kuti ya tsambayo ndi njira za madzi. Kung'amba masamba ouma, kuwafikisa ndi kuwatunga pa ulusi wa thumba la ufa kumalimbitsa zala zimene mawa zidzagwire pensulo. Mwana amene zala zake sizinakhwime mukamukakamiza kulemba zilembo amangodana ndi kope.

Yesaninso izi: tsamba limodzi lauwisi aliike padzuwa, lina pamthunzi, lina m'kapu ya madzi phesi lili pansi. Aneneretu kuti liti liyambe kufota, ndiye mudzaone limodzi mawa ndi mkuja. Akalakwitsa palibe mlandu. Zipatso za mkungu, zimene kuno amati kungu, ana amaziswa ndi mwala kuti adye kanjere ka m'kati. Kuswako kukhale kwa wamkulu kapena mwana wosinkhuka.

Mlambe, umene kuno ndi mbuyu, umaphunzitsa mosiyana. Umakhala mbulanda miyezi ingapo ya chilimwe n'kudzavala mvula ya vuli ikayandikira. Mukagula ubuyu wofiira uja wa m'mapaketi, muuzeni mwana kuti ndi malambe omwe aja amene amadzaza m'misewu ya ku Salima, Mangochi ndi Chikwawa. Njere zake zikatsukidwa ndi kuuma zimakhala zowerengera zabwino kwa ana opitirira zaka zitatu.

Masika: walira mvula walira matope

Miyezi imeneyi ana amatsekeredwa m'nyumba, ndipo ndi pamene foni imasanduka mlezi. Dulani botolo la madzi akumwa pakati, muikemo timiyala kuti lisagwe, mulisiye pabwalo pamene madzi a denga safika. M'mawa uliwonse mwana aviikemo kamtengo, aone pamene panyowa, ajambule mzere wotalika chomwecho pakatoni, ndipo akhuthule madziwo. Pakatha sabata adzaloza yekha tsiku limene idagwa yambiri. Madzulo mukamva za nyengo kuchokera ku bungwe la zanyengo la TMA pa wailesi, mufunseni kuti, "Iwe ukuti mawa igwa?" Aone mitambo, anene maganizo ake, mawa muone amene walasa.

Kukhuthula kuja musakuiwale. Udzudzu umene umafalitsa matenda a dengue umaswana m'madzi oyera odikha m'zitini, m'matayala ndi m'zigoba za kokonati, umaluma masana, ndipo kuchokera pa dzira mpaka kuuluka pamatenga pafupifupi sabata imodzi. Amene mudali kuno mu 2019 mukukumbukira mmene matendawa adagonekera anthu mumzinda muno. Sandutsani ntchitoyi kukhala sewero la Loweruka lililonse: kusaka chilichonse chosunga madzi pabwalo n'kuchivundikira, mwana akuwerenga kuti wapeza zingati.

Nyengo ya mvulayi ndi nthawinso yodzala. Chitini chobooka kunsi, dothi la manyowa pang'ono, ndi nyemba kapena khobwe zitatu zakwana. Zimamera pasanathe sabata. Njere ina muikulunge m'kansalu konyowa kuti mwana aone kuti muzu ndiwo umayamba kutuluka tsamba lisanaoneke. Ayeze mmerawo ndi zala zake masiku awiri alionse. Ngati muli ndi beseni lakutha, fesani mchicha, womwe ndi bonongwe yemwe uja, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi mwana adzadya ndiwo zolima yekha. Ndaona ana okana masamba akunyambita mbale chifukwa cha zimenezi. Dzungu la m'buku lija malo ake ndi ano: gulani limodzi, mwana alinyamule kuti amve kulemera, anene kuti m'kati muli njere zambiri kapena zochepa, kenako muliphike. Njere zina aumitse, zina adzale kuti mudzapeze nkhwani.

Koma madzi a mumsewu ndi m'ngalande si osewerera. Mvula ikagwa yambiri zimbudzi zimasefukira, ndipo kolera imayendera momwemo. Amene mumakhala kufupi ndi chigwa cha Msimbazi, cha ku Jangwani, Kigogo ndi Mkwajuni, mukudziwa kuti mtsinje wa Msimbazi umadzaza mwadzidzidzi, monga zidachitikira mu Disembala 2011 pamene mabanja ambiri adasamutsidwira ku Mabwepande. Mwana ayandamitse ngalawa yake ya chigoba cha kokonati m'beseni, inu muli pomwepo, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo.

Kipupwe, vuli ndi kiangazi

Mphepo ya kusi ikayamba, mangani kansalu kunsonga kwa ndodo, mwana aziona kumene kakuloza. Mu Januwale mudzamangenso pamalo omwewo, adzadabwa kuti kakulozera kwina. Kaiti pangani ya nyuzipepala ndi timitengo ta tsache la chelewa, poti majumbo apulasitiki adaletsedwa muno m'Tanzania kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo muiulutsire kutali ndi mawaya a magetsi. Mukapeza mpata wopita ku Coco Beach kapena ku Kigamboni, mchenga wonyowa ndi bolodi losatha choko. Alembe mizere, mizunguliro ndi chilembo choyamba cha dzina lake, atole zigoba za nkhono zosanja. Madzi a m'nyanja ino amaphwa ndi kubwerera kawiri pa tsiku, zimene ife a ku nyanja ya Malawi sitidazolowere, choncho diso lisachoke pa mwana.

Chakumapeto kwa chaka mtengo umene ambiri amautcha mkrismasi umayaka maluwa ofiira. Zikhokhombe zake zazitali zikauma zimalira ngati maseche, ndipo n'zokwanira kuimbira nyimbo zonse za ku Sande sukulu. Mango akapsa, aone kusintha kwa mtundu, alawe losapsa ndi lakupsa, aphunzire mawu akuti kuwawasa ndi kutsekemera. M'kiangazi musamuvutitse mwana masana. M'mawa aime pabwalo mujambule chithunzithunzi chake pansi ndi khala, masana mujambulenso mwachangu, madzulo mujambulenso, aone mmene chikufupikira ndi kutalikira.

Ngakhale m'daladala muli sukulu. Mayina ambiri a malo muno ndi a mitengo: Mnazi Mmoja, Mwembechai, Mbuyuni, Mikoroshini, Mianzini kumene kudali nsungwi, ndi Mkwajuni kumene ndi pa bwemba. Kondakitala akamakuwa dzina, mufunseni mwana kuti ndi mtengo wanji ndipo ngati akuuona pawindo. Muuzeni kuti kwathunso kuli Kachere ndi Mibawa ku Blantyre. Pakati pa mzinda, kufupi ndi msewu wa Samora ndi nyumba yosungira zinthu zakale ya dziko lino, pali munda wa mitengo umene udayambitsidwa ndi Ajeremani mu 1893. Ndi malo abwino otolera masamba a mitundu yosiyanasiyana.

Muzilankhula Chichewa pochita zonsezi

Makolo ena amaopa kuti Chichewa chimusokoneza mwana kusukulu. Ine ndikuti ayi. Chiswahili adzachitola yekha kwa anzake pabwalo, mwinanso kukuposani, koma Chichewa akapanda kuchimva kwa inu sadzachimvanso kwina. Ndipo zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, moti nkhani ya nyengo ndi poyambira pabwino: mvula ndi mvua, dzuwa ndi jua, mphepo ndi upepo, madzi ndi maji, mbewu ndi mbegu, khumi ndi kumi. Inu munene la Chichewa, iye abweze la Chiswahili, kenako musinthane. Pamene mawu asiyana, monga tsamba ndi jani, ndi pamene amaseka kwambiri.

Usiku magetsi akazima, yambani "Padangokhala" mumuphunzitse kuyankha "Tilitonse", monga mmene kusukulu amayankhira "Pakawa" akamva "Paukwa". Pekani nokha nthano ya mkungu wanu uja. Pekaninso ndagi zanu, monga yakuti, "Agogo anga amavula malaya ofiira n'kuvala obiriwira osapita kwa telala." Masanje, phada amene kuno amati mdako, ndi bawo wa maenje okumba pansi zonse zimalowa m'phunziro lomweli. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa tsiku n'zokwanira. Mwana akayamba kuyang'ana kumbali, lekani, mudzapitiriza mawa. Ngati mumachoka mbandakucha n'kubwera usiku, musonyezeni mkulu wake kapena mnansi amene amakusungirani mwana sewero limodzi pa sabata. Abambo, ntchito imeneyi ndi yanunso.

Zoti musamale

Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu. Ameneyu mumupatse masamba aakulu, zigoba za kokonati ndi zikhokhombe zosasweka, osati njere, nyemba kapena mtedza. Njere za nsatsi ndi tinjere tonyezimira tofiira tokhala ndi kadontho kakuda n'zapoizoni woopsa, ngakhale zimakongola. Chimodzimodzi zipatso za kamtengo ka maluwa achikasu onga belu kamene anthu amadzala ngati mpanda. Mtengo uliwonse wotuluka utomoni woyera ngati mkaka mwana asauthyole, poti utomoniwo umawotcha maso. Musanalole mwana kupisa dzanja m'mulu wa masamba, uvundukuleni ndi ndodo, chifukwa zinkhanira ndi tizilombo tina toluma timabisala momwemo. Mwana akameza chinthu chimene simukuchidziwa, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga chotsala cha chinthucho.

Kukambirana ndi aphunzitsi

Malinga ndi ndondomeko ya maphunziro ya dziko lino ya 2014, imene idakonzedwanso mu 2023, mwana amalowa darasa la awali ali ndi zaka zisanu, amakhalamo chaka chimodzi, ndipo amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Silabasi yake imakonzedwa ndi Taasisi ya Elimu Tanzania, ndipo m'sukulu zambiri za boma amaphunzitsa m'Chiswahili. Chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, osati mu Seputembala monga kwathu, choncho amene mukuganiza zodzatumiza mwana kumudzi muwerengere bwino miyezi. Za zikalata zofunika polembetsa mwana, kafunseni kwa mphunzitsi wamkulu chaka chisanathe.

Posankha chekechea, imene kwathu timati sukulu ya mkombaphala, musakopeke ndi yunifolomu ndi homuweki yambiri. Suzumirani m'kalasi muone ngati ana ali ndi zogwiragwira, ngati amatuluka panja, ngati pali madzi osamba m'manja, ndiponso ngati mphunzitsi amawafunsa mafunso kapena amangowaimbitsa zoloweza. Mwana akabwera ndi pepala la autumn, musalitaye ndipo musakakalipe kusukulu. Apake mitundu monga auzidwira, kenako mumuuze kuti, "Izi zimachitika kutali kozizira. Tiye tikaone za kwathu kuno." Mawa lake apite ndi kadengu ka masamba a mkungu, inu mukawauze aphunzitsi mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, tabweretsa awa kuti mwina anzake angasanje nawo." Ife tidachita zimenezo masamba atagwanso mu Febuluwale, ndipo sabata yotsatira kalasi yonse idatuluka kukatola awo.

Musadikire kuti mugule choko kapena buku. Mawa m'mawa musanasese pabwalo, muitaneni mwana ayambe watola masamba ake khumi.